Lonjezo Lisanduke Thandizo: Zoyenera Kutsogola pa Zokambirana za Kusintha kwa Nyengo

Mawu otsogolera

Chakumapeto kwa chaka chilichonse timamva pa wailesi kuti nthumwi za dziko lathu zanyamuka kupita ku msonkhano waukulu wa za kusintha kwa nyengo. Pakatha masabata awiri timamvanso kuti zabwerako, ndipo nkhani imathera pomwepo. Ochepa mwa ife amadziwa chimene anthu amakakangana kumeneko mpaka mbandakucha, chonsecho zotsatira zake zimakhudza munda, mlatho ndi sukulu za kwathu kuno. Phunziro lino likufuna kutithandiza kumvetsa misonkhano imeneyi ndi kuganizira pamodzi funso ili: pa nkhani zambirimbiri zimene nthumwi zimakambirana, zoyenera kukhala patsogolo ndi ziti?

Mfundo imene tiitsate ndi yakuti malonjezo aperekedwa kale ambiri. Chikusowa ndi thandizo lofikadi kwa anthu ovutika, lofika nthawi yabwino, ndiponso losasanduka ngongole. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Tiwerenge gawo lililonse mokweza, mosinthana, ndipo tikafika pa mafunso tiime kaye kuti aliyense alankhulepo.

Gawo loyamba: Kodi COP n'chiyani?

M'chaka cha 1992 atsogoleri a mayiko anasonkhana mumzinda wa Rio de Janeiro ku Brazil, ndipo anasainira mgwirizano wa bungwe la United Nations wokhudza kusintha kwa nyengo. Pafupifupi mayiko onse a dziko lapansi analowa mu mgwirizanowu. Msonkhano wa pachaka wa mayiko amenewa ndiwo umatchedwa COP. Woyamba unachitikira ku Berlin mu 1995, ndipo wa nambala 30 unachitikira ku Belém, ku Brazil komweko, mu Novembala 2025.

Msonkhano wodziwika kwambiri ndi wa ku Paris wa mu 2015. Kumeneko mayiko anagwirizana kuti kutentha kwa dziko kusakwere mpaka madigiri 2 poyerekeza ndi mmene kunalili mafakitale asanachuluke, ndipo ayesetse kuti kuime pa madigiri 1.5. Dziko lililonse limalemba lokha zimene lichite, ndipo limayenera kupereka ndondomeko yatsopano zaka zisanu zilizonse. Mu mgwirizanowu mulibe chilango kwa dziko lolephera kukwaniritsa zimene linalemba.

Tidziwenso kuti ku COP mfundo sizidutsa ndi voti. Chiyambire, mayiko sanagwirizanepo za malamulo a kavotedwe, choncho mfundo imadutsa ngati palibe amene waikana mwamphamvu. Ubwino wake ndi wakuti kadziko ka pachilumba ngati Tuvalu kali ndi mawu. Kuipa kwake ndi kwakuti mayiko ochepa angathe kusukuluza mfundo imene ena onse akuifuna. N'chifukwa chake misonkhano yambiri imadutsa tsiku lotsekera, ndipo liwu limodzi la m'chikalata limatha kugonetsa anthu usiku wonse ali maso.

Pofuna kuti amveke, mayiko opanda mphamvu amalankhula m'magulu. Pali gulu la mayiko a mu Africa, gulu la mayiko a pazilumba zing'onozing'ono, komanso gulu la mayiko 44 osaukitsitsa, mmene muli Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mu 2024 upampando wa gulu lomalizali unabwera ku Malawi, ndipo amene ankalankhula m'malo mwa mayiko onsewo anali a Evans Njewa. Choncho nkhaniyi si yakutali monga timaganizira.

Gawo lachiwiri: Wosonkha moto ndi wopsa nawo

Dziko likutentha makamaka chifukwa cha mpweya umene umatuluka anthu akamawotcha malasha a pansi pa nthaka, petulo, dizilo ndi gasi, komanso akamagwetsa nkhalango. Mpweyawu umakhalitsa kumwamba zaka zambirimbiri ndipo umatsekereza kutentha ngati bulangete. Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse linanena kuti chaka cha 2024 chinali chotentha kuposa zaka zonse zolembedwa, ndipo chinapyola pang'ono madigiri 1.5 aja.

Mpweya umenewu sunatuluke mofanana. Mayiko a m'gulu la G20, amene ndi akuluakulu pa chuma, amatulutsa pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a mpweya wonse. Africa yense, ndi anthu ake oposa biliyoni imodzi, amatulutsa magawo osafika anayi pa 100 alionse a mpweya wochokera ku malasha ndi mafuta. Komatu namondwe safunsa kuti ndani anatulutsa mpweya wochuluka.

Tinaziona mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anagumula damu la ku Kapichira ndi kuzimitsa gawo lalikulu la magetsi a dziko lino kwa nthawi yoposa chaka. Akatswiri a gulu la World Weather Attribution atafufuza anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mphamvu ya mvula ya anamondwe a nyengo imeneyo ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi. Tinazionanso mu Malichi 2023 pamene namondwe Freddy, amene anakhala masiku 36 ndi kuposa anamondwe onse olembedwa pa kutalika kwa moyo wake, anagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe mu Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anachoka m'nyumba zawo. Chaka chotsatira kunagwa ng'amba, ndipo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Mapiri amene tawameta mpala sagwira madzi, ndipo nyumba zomangidwa m'makwawa zimakhala panjira ya madzi. Koma ngakhale titabwezeretsa mtengo uliwonse, sitingaziziritse nyanja ya Indian Ocean imene anamondwe amatengako mphamvu. Pachifukwa ichi mgwirizano wa mu 1992 unanena kuti udindo ndi wa onse koma si wofanana: amene anatulutsa mpweya wambiri ndipo ali ndi chuma ayenera kutsogolera ndi kuthandiza ena. Thandizo limene tikukamba pano linalembedwa mu mgwirizano ngati udindo, ndipo likusiyana ndi mphatso ya chifundo.

Mafunso okambirana
1. Kodi mwaona kusintha kotani pa kagwedwe ka mvula m'dera lanu poyerekeza ndi zimene makolo amasimba?
2. Mawu akuti "udindo wa onse koma wosafanana" tingawafotokoze bwanji kwa mwana wa sitandade 8?

Gawo lachitatu: Ntchito zitatu zosiyana

Kuti timvetse mikangano ya ku COP, tiganize za moto wolusa umene ukubwera kuchokera kutchire. Ntchito yoyamba ndi kuletsa amene akuyatsa ndi kuzimitsa motowo. Yachiwiri ndi kulambula mozungulira nyumba ndi nkhokwe kuti moto ukafika usalowe. Yachitatu imabwera nkhokwe itapsa kale: banjalo lidya chiyani, ndipo limanganso ndi chiyani?

Pa za nyengo, ntchito yoyamba ndi kuchepetsa mpweya, mwachitsanzo kusiya malasha ndi kugwiritsa ntchito magetsi a dzuwa, a mphepo ndi a madzi. Yachiwiri ndi kudzikonzekeretsa: ulimi wothirira, mbewu zopirira ku ng'amba, milatho yokwezeka, madambo otetezedwa, ndi machenjezo ofika msanga. Yachitatu imatchedwa zotayika ndi zowonongeka, kutanthauza zimene kukonzeka konse sikunathe kupulumutsa. Zina mwa izo zimawerengeka m'ndalama, monga misewu ndi ziweto. Zina sizingagulidwe, monga moyo wa munthu, manda a makolo amene anakokoloka, kapena chaka cha sukulu chimene mwana anataya ali kumsasa.

Ndalama zambiri za nyengo zimapita ku ntchito yoyamba, chifukwa malo opangira magetsi a dzuwa amagulitsa magetsiwo ndi kubweza phindu kwa amene anaikapo ndalama. Khoma lotchinga madzi ku Chikwawa silibweza phindu kwa wamalonda aliyense, ngakhale lipulumutse mudzi wonse. Choncho ntchito yachiwiri ndi yachitatu zimadalira ndalama za maboma, ndipo ndi zimene zimatsalira. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linawerengera mu 2023 kuti mayiko osauka amafunika madola 215 biliyoni mpaka 387 biliyoni pachaka kuti adzikonzekeretse. Zimene analandira kuchokera kunja pa ntchitoyi mu 2022 zinali pafupifupi madola 28 biliyoni.

Kodi kukonzeka kumathandizadi? Dziko la Bangladesh likutiyankha. Mu 1970 namondwe anapha anthu osachepera 300,000 m'dera limenelo, ndipo mu 1991 wina anapha pafupifupi 138,000. Kuchokera pamenepo anamanga nyumba zolimba zothawirako, anakonza njira za machenjezo, ndipo anaphunzitsa anthu ongodzipereka masauzande ambiri amene amayenda m'midzi ndi zimkuzamawu. Mu 2020, namondwe Amphan atayandikira, anthu oposa 2 miliyoni anasamutsidwa, ndipo amene anafa m'dzikomo sanafike 50.

Gawo lachinayi: Mbiri ya malonjezo

Mu 2009, ku Copenhagen, mayiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse kwa mayiko osauka. Chaka cha 2020 chinafika ndalamazo zisanakwane. Bungwe la OECD, limene mamembala ake ambiri ndi mayiko olemera omwewo, linanena kuti lonjezolo linakwaniritsidwa mu 2022, pamene ndalama zinafika pafupifupi madola 116 biliyoni. Kuchedwa kwa zaka ziwiri kunawononga chinthu chofunika kwambiri pa zokambirana zilizonse, chomwe ndi kukhulupirirana.

Vuto lina linali mtundu wa ndalamazo. Mwa ndalama za maboma zimene zinawerengedwa, pafupifupi magawo asanu ndi awiri mwa magawo khumi zinali ngongole. Tione zimene zinachitikira anansi athu. Mu Malichi 2019 namondwe Idai anasakaza mzinda wa Beira ndi kupha anthu oposa 1,000 ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Thandizo limodzi limene Mozambique inalandira mwamsanga linali ngongole ya madola pafupifupi 118 miliyoni yochokera ku IMF. Inali yopanda chiwongoladzanja, koma inali ngongole ndithu. Zili ngati munthu amene nkhokwe yake yapsa ndi moto wa mnzake, kenako n'kukongola chimanga choti adzabweze pokolola. Dziko likamabweza ngongole zotere, ndalama zogulira mankhwala ndi zolipirira aphunzitsi zimachepa, ndipo namondwe wotsatira amalipeza lili lofooka kuposa kale.

Vuto lachitatu ndi njira yofikira ndalamazo. Mathumba akuluakulu, monga Green Climate Fund yomwe likulu lake lili ku South Korea, amafuna zikalata zambiri ndi akatswiri ozilemba. Bungwe la m'dziko losauka limatha zaka lisanavomerezedwe kuti lizilandira ndalama mwachindunji, ndipo pempho la ntchito imodzi limatha kudikira zaka zinanso. Mayiko amene ali ndi maofesi amphamvu amapambana, ndipo ofooka, amene ndi osowa kwenikweni, amatsalira.

Mafunso okambirana
3. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa ndalama zolonjezedwa, ndalama zoperekedwa ku thumba, ndi ndalama zofika m'mudzi?
4. Kukhulupirirana kukasweka pagulu, kumabwezeretsedwa ndi chiyani?

Gawo lachisanu: Thumba la zotayika ndi zowonongeka

Mu 1991 dziko la Vanuatu, polankhulira mayiko a pazilumba, linapempha kuti pakhale thumba lothandiza mayiko amene adzavutike ndi kukwera kwa madzi a m'nyanja. Mayiko olemera anakana, poopa kuti kuvomera kukhala ngati kuvomera mlandu wolipira chipukuta misozi chopanda malire. Mu 2013, ku Warsaw, patangopita masiku ochepa namondwe Haiyan atasakaza dziko la Philippines, panakhazikitsidwa komiti yoona za nkhaniyi, koma yopanda ndalama zogawa.

Zinthu zinasintha mu 2022. Chaka chimenecho madzi osefukira anakhudza anthu 33 miliyoni ku Pakistan, anapha oposa 1,700, ndipo anawononga chuma cha madola pafupifupi 30 biliyoni. Pakistan ndiyo inkatsogolera gulu lalikulu la mayiko ongotukuka kumene pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh ku Egypt, ndipo gululo linaima pamodzi osagawanika mpaka thumbalo linavomerezedwa. Panali patapita zaka 31 chiperekereni pempho la Vanuatu. Chaka chotsatira, ku Dubai, thumbalo linatsegulidwa tsiku loyamba la msonkhano. United Arab Emirates ndi Germany analonjeza madola 100 miliyoni aliyense, United States inalonjeza 17.5 miliyoni, ndipo zonse pamodzi zinafika pafupifupi madola 700 miliyoni.

Tiime pa nambala imeneyi. Kafukufuku amene boma la Malawi linachita pamodzi ndi mabungwe a kunja anapeza kuti kukonzanso zimene Freddy anawononga kunkafunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Ndiye kuti zonse zimene zinalonjezedwa ku Dubai, zoti zithandize mayiko onse osauka, zikanangokwanira namondwe mmodzi m'dziko limodzi laling'ono. Mu 2025 oyendetsa thumbalo anapatula madola 250 miliyoni oti ayambire kugawa, ndipo anagwirizana kuti theka kapena kuposerapo lipite ku mayiko osaukitsitsa ndi a pazilumba.

Pali chitsanzo chaching'ono chosonyeza mmene thandizo lofikadi limaonekera. Mu 2021, ku Glasgow, boma la Scotland linakhala loyamba kupatula ndalama za zotayika ndi zowonongeka, mapaundi 2 miliyoni. Pambuyo pa Freddy, ndalama zina za boma lomwelo zinafika ku Nsanje kudzera ku bungwe la GiveDirectly, ndipo mabanja pafupifupi 2,700 analandira madola pafupifupi 750 lililonse pa foni, zosabweza. Banja lililonse linasankha lokha chochita, ndipo ambiri anamanga nyumba kumtunda. Poyerekeza ndi anthu onse amene Freddy anasamutsa, mabanjawa ndi ochepa. Komabe zinaonetsa kuti ndalama ingathe kuchoka ku boma lakutali ndi kufika m'manja mwa mayi wa ku Nsanje popanda kudikira zaka.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: Baku, The Hague ndi Belém

Mu Novembala 2024, ku Baku m'dziko la Azerbaijan, mayiko anakumana kuti aike nambala yatsopano m'malo mwa 100 biliyoni ija. Mayiko osauka anapempha madola 1.3 thililiyoni pachaka. Zokambirana zinafika povuta, mpaka nthumwi za mayiko osaukitsitsa ndi a pazilumba zinatuluka m'chipinda kwa kanthawi chifukwa zinaona kuti sizikumvedwa. Pomaliza anagwirizana za madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035, mayiko olemera akutsogolera. Nambala ya 1.3 thililiyoni inalembedwa ngati cholinga choti onse, kuphatikizapo amalonda, ayesetse kufikira. Nthumwi ya India inadzudzula poyera mmene mfundoyo inadutsira. Miyezi iwiri pambuyo pake, boma latsopano la United States linalengeza kuti likutuluka mu mgwirizano wa ku Paris.

Mu Julayi 2025 khoti lalikulu la United Nations ku The Hague linapereka maganizo ake pa funso limene Vanuatu inatsogolera kufunsa. Ganizo lokafunsa khotilo linayamba ndi ophunzira zamalamulo a ku zilumba za Pacific. Oweruza ananena kuti mayiko ali ndi udindo pa malamulo a dziko lonse woteteza nyengo, ndipo dziko lophwanya udindowo lingafunike kukonza zimene lawononga. Maganizowa sakakamiza dziko lililonse kulipira mawa, koma apatsa nthumwi za mayiko ofooka mwala woponderapo.

Ku Belém, mu Novembala 2025, mayiko anapempha kuti ndalama zodzikonzekeretsa zichulukitsidwe katatu pofika 2035. Mayiko osaukitsitsa ankafuna kuti zimenezi zichitike pofika 2030. Chikalata chomaliza sichinaike ndondomeko yosiyira malasha, mafuta ndi gasi, ngakhale kuti ku Dubai mu 2023 mayiko anali atavomereza kuti ayamba kuchokako.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: Timvenso mbali inayo

Sitingamvetse mkangano titangomva mbali imodzi. Mayiko olemera amati mndandanda wa oyenera kupereka unalembedwa mu 1992, ndipo dziko lasintha. Lero China ndiyo imatulutsa mpweya wambiri pachaka kuposa dziko lina lililonse, ndipo mayiko ena ogulitsa mafuta ndi olemera kuposa mayiko ena a ku Ulaya, koma amawerengedwabe ngati ongotukuka kumene. China imayankha kuti tikawerenga kuchokera kale, United States ndiyo yatulutsa wochuluka, ndipo iyo imathandiza kale mayiko ena mwa kufuna kwake. Mbali zonse ziwiri zili ndi zoona zake. Choopsa n'chakuti akuluakulu akamalozana chala, thandizo limaima, ndipo wovutika ndi uja ali kumsasa.

Amanenanso kuti anthu awo okhoma msonkho amafuna kudziwa kumene ndalama zikupita. Apa tisadzinamize. Tonse tinamvapo za ufa wa ovutika umene unapezeka pamsika, kapena mayina a abale a olemba amene analowa m'kaundula wa okhudzidwa ndi ngozi. Thumba limodzi la ufa likasowa, limapereka chifukwa kwa amene sankafuna kale kupereka. Kukhulupirika kumafunika mbali zonse: wolonjeza apereke, ndipo wolandira aonetse poyera mmene wagwiritsira ntchito.

Gawo lachisanu ndi chitatu: Zoyenera kutsogola

Tikasonkhanitsa zonse taphunzirazi, tikuona zinthu zisanu zimene ziyenera kukhala patsogolo.

Choyamba, mayiko otulutsa mpweya wambiri auchepetse msanga. Moto ukamakulirakulira, palibe kulambula kumene kungakwanire, ndipo palibe thumba limene lingalipire zonse.

Chachiwiri, malonjezo akale akwaniritsidwe atsopano asanalengezedwe, ndipo pakhale kawerengedwe kamodzi kogwirizana, kuti ngongole ya malonda kapena thandizo lakale longosinthidwa dzina lisamatchedwe ndalama za nyengo.

Chachitatu, ndalama zodzikonzekeretsa ndi za zotayika zikhale zosabweza, makamaka kwa mayiko osaukitsitsa. Ngozi ikagwa, kubweza ngongole zakale kuyambe kwaima kuti dziko lipume.

Chachinayi, njira ifupike. Thumba la ngozi liyenera kutulutsa ndalama m'masabata, ndipo gawo lina lizifika mwachindunji ku makhonsolo, magulu a alimi ndi mabanja.

Chachisanu, machenjezo afike kwa aliyense. Mu 2022 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapempha kuti pofika 2027 munthu aliyense pa dziko akhale wofikiridwa ndi chenjezo la ngozi za nyengo. Poyerekeza ndi ntchito zina, iyi ndi yotsika mtengo, ndipo Bangladesh yaonetsa miyoyo imene imapulumuka.

Pansi pa zisanu zonsezi pali funso la mmene mayiko amaonerana. Nthumwi ikalowa m'chipinda ndi cholinga chongoteteza thumba la dziko lake, imatuluka ndi mfundo yofooka imene siteteza aliyense. Mu 2021 madzi osefukira anapha anthu oposa 180 ku Germany, ndipo mu 2024 anapha oposa 200 ku Valencia m'dziko la Spain. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mtundu wa anthu ukukhala m'nyumba imodzi, ndipo denga likadontha kuchipinda cha ana, mwini nyumba sanganene kuti si zake.

Nanga ife tichite chiyani?

Ambiri a ife sitidzalowa m'chipinda cha COP, koma ntchito yachiwiri ija, yolambula mozungulira nkhokwe, mbali yake yaikulu imachitikira m'mudzi. Tingathe kudziwa amene ali mu komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dera lathu ndi kufunsa ngati imakumana. Tingathe kugwirizana za malo okwera othawirako, ndi kulemba mayina a agogo, olumala ndi amayi oyembekezera amene adzafunike kunyamulidwa. Uthenga wa a zanyengo ukamveka pa wailesi kapena pa foni, pakhale odziwika amene aufikitse khomo ndi khomo. Achinyamata angatsogolere pobzala mitengo ndi udzu wa vetiva m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri, ndi kuisamala mpaka itakula, pakuti kubzala n'kosavuta kuposa kusamala. Thandizo likabwera, tipemphe mwaulemu kuti mayina a olandira awerengedwe pagulu.

Mudzi wochita zimenezi umapulumutsa anthu ake ngakhale ndalama zakunja zichedwe. Umapatsanso nthumwi zathu umboni wokanena kumsonkhano, wakuti anthu akonzeka ndipo chikusowa ndi chimene chinalonjezedwa.

Mafunso omaliza
5. Pa zinthu zisanu zija, inu mukanakhala nthumwi ya mayiko osaukitsitsa mukanaumirira chiti ngakhale zina zitakanika? Chifukwa chiyani?
6. Kodi njira yodutsitsa mfundo popanda voti imateteza ofooka kapena amphamvu? Fotokozani ndi zitsanzo za m'phunziroli.
7. Ku Nsanje mabanja anapatsidwa ndalama kuti asankhe okha chochita. Mukuona ubwino ndi zovuta zotani pa njira imeneyi?
8. Kodi m'dera lathu ndani amene chenjezo la namondwe lingamuphonye, ndipo tingamufikire bwanji?

Tisanabalalike, tisankhe ntchito imodzi mwa zimene tatchulazi, tigwirizane amene atsogolere ndi tsiku loyambira, ndipo tikadzakumananso sabata yamawa tidzayambe ndi kumva mmene yayendera.